Nanga Tsiku la 41? Kupenda Buku la The Daniel Plan

Buku: The Daniel Plan. Olemba: Rick Warren, Daniel Amen ndi Mark Hyman. Osindikiza: Zondervan, 2013. Cinenero: Cingelezi.

Mwezi wa January uliwonse mipingo yambiri muno mu Zambia imayamba caka ndi kusala kudya. Ena amasala masiku 7, ena 21, ndipo dzina la Danieli limamveka paliponse. Colinga cake ndi pemphero, koma tisanamizane: ena a ife timalowamo diso lina lili pa sikelo. Pofika February lamba wakhwepa ndipo yunifomu ya kwaya ikukwana bwino. Pofika Pasaka yathinanso, mwina kuposa kale. Munthu ayesanso kudziletsa, agwira masiku atatu, lacinai agwera pa vitumbuwa, ndipo ayamba kudziyesa Mkristu wopanda cikhulupiriro. Cifukwa ca anthu otere ndasankha kupenda buku ili, limene lili limodzi mwa mabuku ochuka acikristu onena za kucepetsa thupi. Funso langa ndi limodzi: kodi lingathandize munthu amene anaonda, nanenepanso, ndipo tsopano alephera kugwira dayeti?

Cimene bukuli linena

Abusa Rick Warren anayambitsa mpingo wa Saddleback ku California mu 1980, ndipo ambiri timawadziwa ndi buku lao la 2002, The Purpose Driven Life. Iwo afotokoza kuti tsiku lina mu 2010 anabatiza anthu oposa 800 mwa kuwamiza m'madzi, ndipo powadzutsa mmodzimmodzi anazindikira kuti ambiri anali olemera mopitirira, iwo eni pamodzi. Anauza mpingo kuti pa zaka 30 za ubusa wao anali kuonjezera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono caka ciliconse. Mu January 2011 mpingo unayamba kutsata dongosolo la kadyedwe mothandizidwa ndi madokotala, ndipo bukuli linabadwa kucokera m'menemo. Laimikidwa pa mizati 5: cikhulupiriro, cakudya, kulimbitsa thupi, kulunjika maganizo ndi abwenzi. Wowerenga apemphedwa kuyenda nalo masiku 40.

Zoyenera kuyamika

Mzati wa abwenzi ndiwo wolimba koposa. Olembawo aona bwino kuti munthu amene alimbana ndi kadyedwe ali yekha amagwa msanga, motero alimbikitsa timagulu ting'onoting'ono tokumana sabata iliyonse. Makolo athu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ife a mu mpingo magulu tili nao kale.

Cina cabwino ndi mbale yao. Akuti theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, gawo limodzi mwa magawo anai likhale nsomba, nyama kapena nyemba, ndipo gawo lotsalalo ndilo la zakudya zokhutitsa. Mbale yathu ya masiku onse imakhala yotembenuka: phiri la nsima ndi tindiwo totowerako cabe. Malangizo a kadyedwe amene Unduna wa Zaulimi unatulutsa mu 2021 mothandizana ndi bungwe la FAO nao atiuza kudya mosiyanasiyana kucokera m'magulu 6 a zakudya, ndi kucepetsa shuga, mcere ndi mafuta. Pa shuga bukuli silinyengerera, ndipo likunena zoona. Bungwe la WHO likuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, ndiwo masupuni a tiyi 12. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 500 lapyola kale muyeso umenewo. Ife okhala kufupi ndi minda ya nzimbe ya Nakambala tiyenera kumva zimenezi.

Tisaganizenso kuti kunenepa ndi bvuto la ku America kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti akazi 12 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira. Wa 2013 mpaka 2014 anapeza 23 pa 100 alionse.

Danieli sanali pa dayeti

Tsopano tibwere ku zofooka. Coyamba ndi dzina. Tsegulani Danieli caputala 1. Mnyamatayo anakana cakudya ca mfumu ya Babulo kuti asadzidetse pamaso pa Mulungu. Mkulu wowayang'anira anaopa kuti anyamatawo adzaoneka ofooka. Atayesedwa masiku 10 ndi zomera ndi madzi, vesi 15 lisonyeza kuti anaoneka bwino ndi onenepa kuposa anzao odya kwa mfumu. Cizindikiro ca cifundo ca Mulungu pa nkhani imeneyi cinali kusaonda! Mu caputala 10, pamene pacokera masiku 21 aja, Danieli analeka nyama ndi vinyo cifukwa anali kulira ndi kufuna nzeru kwa Mulungu.

Kunena zoona, bukuli silituma munthu kudya monga Danieli, pakuti lilola nyama ndi nsomba. Koma dzinalo ligwira nchito yake mwakacetecete. Dayeti ikabvala dzina la mneneri, kuiswa kumaoneka ngati kugwa m'chimo. Bukuli litsamiranso pa ciphunzitso cakuti thupi ndi kacisi wa Mzimu Woyera, koma pa 1 Akorinto 6 Paulo ali kudzudzula dama, osati kukula kwa mimba. Olembawo alankhula zambiri za cisomo ndi za kudzukanso munthu akagwa, komabe mnyamata amene wanenepanso amatsala ndi funso lowawa: ngati Mulungu ndiye apatsa mphamvu yosintha, ine ndalephera cifukwa ciani? Kususuka kulipo, ndipo Miyambo 23 icenjeza za iko. Koma sikelo siyesa kususuka. Tonse tidziwa anthu oonda amene amatha mitanda isanu, ndi onenepa amene amadya pang'ono.

Ciwerengero ca caka cimodzi

Caciwiri ndi ciwerengero cimene bukuli linyadira: anthu oposa 15,000 anataya mapaundi oposa 250,000 m'caka coyamba, ndiwo makilogalamu pafupifupi 113,000. Cimveka cacikulu, koma mukagawa mupeza makilogalamu 7 kapena 8 pa munthu. Zimenezi si zoipa. Bvuto ndi lakuti ndi ciwerengero ca caka coyamba, ndipo pafupifupi dayeti iliyonse imaonetsa zipatso m'miyezi yoyamba. Mayeso enieni amabwera m'caka caciwiri ndi cacisanu. Thupi limene Abusa Warren anaunjika pa zaka 30 silingakonzedwe ndi masiku 40, ndipo ngakhale olembawo akuti masikuwo ndi ciyambi cabe, cimene cimakhala m'mutu mwa wowerenga ndi nambala ya pacikuto.

Cifukwa cimene thupi limabwerera cinafufuzidwa. Mu 2011 madokotala a ku Melbourne, ku Australia, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 50 amene anawaika pa cakudya cocepa kwambiri kwa masabata 10. Anataya makilogalamu pafupifupi 13 aliyense. Patapita caka, homoni yodzutsa njala yochedwa ghrelin inali ikadali yokwera, ya leptin imene imauza bongo kuti thupi lili ndi nkhokwe yokwanira inali yotsika, ndipo anthuwo anali kumva njala kuposa asanayambe.

Mu 2016 Kevin Hall ndi anzake ku America anafalitsa za anthu 14 amene anapikisana pa pulogalamu ya pa TV yochedwa The Biggest Loser. Pa mpikisanowo aliyense anataya makilogalamu pafupifupi 58. Patapita zaka 6, makilogalamu pafupifupi 41 anali atabwerera, ndipo matupi ao anali kuotcha makalori pafupifupi 500 ocepa pa tsiku poyerekeza ndi zimene zimayembekezeka pa munthu wa msinkhu wao. Awa anaonda mopyola muyeso, ndipo amene wataya makilogalamu 5 sangafike pamenepo, koma phunziro ndi lomwelo. Thupi limaona kuonda ngati caka ca njala: limaonjezera cilakolako ca cakudya ndi kuumira mphamvu. Tsono mlongo wanga, ngati ulendo waciwiri ukukulemera kuposa woyamba, si kuti pemphero lako lazirala. Ukulimbana ndi thupi limene linalengedwa kuti lipulumuke cilala.

Khichini ya ku California

Cacitatu, bukuli linalembedwera munthu amene amadzigulira ndi kudziphikira yekha. M'maphikidwe ake mupeza quinoa, mkaka wa almond ndi mafuta a olive. Kuno ku Chanyanya mphika ndi umodzi, ndipo mtsikana wa giredi 11 wokhala kwa azakhali sasankha za kuphika. Akakana nsima amva kuti wayamba matama. Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February usodzi umatsekedwa pa mtsinje wa Kafue, ndiye kuti m'mwezi umene ambiri amayamba dayeti nsomba yaiwisi imasowa ndipo ndalama m'nyumba zimacepa. Pambuyo pa cilala ca 2024 mabanja ambiri anali kudalira kapamela ka unga ka tsiku limodzi. Kwa iwo kuuzidwa za zakudya zoyenera kupewa ndi cipongwe.

Palinso cimene olemba a ku California sangacidziwe. Kwathu kuno mau akuti "wanenepa" ndi ciyamikiro. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene matenda a Edzi anapatsidwa dzina lakuti kaliondeonde, munthu akatsika thupi anthu amayamba kunong'onezana. Mnyamata amene wataya makilogalamu 8 afunsidwa pa msika ngati ali bwino, ndipo amai ake ayamba kumuonjezera mtanda. Kunenepanso kumabwera ndi mtendere wa panyumba. Dongosolo limene silinaganizire zimenezi lidzagwa pa khomo la khichini.

Cacinai ndi masiku 10 amene bukuli liwacha otsuka thupi, pamene munthu aleka shuga, khofi, tirigu ndi mkaka. Kuleka shuga n'kwabwino. Koma nchito yocotsa zoipa m'magazi ndi ya ciwindi ndi impso, ndipo zimaigwira tsiku lililonse. M'dziko limene ana 35 pa 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira mu 2018, kuphunzitsa acinyamata kuopa mkaka popanda dokotala kuwapeza ndi bvuto si nzeru. Ganizo lomweli la kutsuka thupi ndilo ligulitsa matiyi oondetsa, amene ambiri amangotsegula m'mimba ndi kucotsa madzi.

Maganizo anga

Kodi tiliwerenge? Inde, koma monga tidyera nsomba ya mu Kafue, kucotsa minga. Tengani abwenzi ndi mbale. Siyani masiku 40, kutsuka thupi ndi ganizo lakuti kuonda ndi umboni wa uzimu. Kusala kudya kukhale kwa pemphero, ndipo sikelo ikhale kunja kwa chalichi.

Kwa amene mwanenepanso, pali nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku wa ku America wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga anasonyeza mu 2002 kuti amene anathandizidwa kucepetsa thupi pang'ono, makilogalamu 7 pa 100 alionse, ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, kudwala shuga kunatsika pakati pao ndi 58 pa 100. Pofika 2009 ambiri anali atabweza mbali yaikulu ya thupi lija, komabe kudwalako kunali kotsikabe ndi 34 pa 100. Khama lanu silinapite pacabe.

Tsono musayambe ndi kudzilanga. Sankhani cinthu cimodzi cimene mungacite ngakhale mu July: masupuni awiri a shuga m'tiyi m'malo mwa anai, mitanda iwiri m'malo mwa itatu, madzi m'malo mwa dirinki kapena maheu a m'botolo. Cibwabwa, bonongwe, kalembula, delele, impwa, kayera, nshawa ndi kapenta sizicepa mphamvu kwa quinoa. Mgaiwa ukhutitsa nthawi yaitali kuposa unga woyera. Musalumphe cakudya ca m'mawa ndi masana, pakuti njala ya madzulo idzabweza ngongole yonse. Kambiranani ndi amai kapena azakhali mwaulemu, kuti saladi acepe mu mphika wa banja lonse. Mukagwa Lacitatu, yambiraninso Lacinai, osadikira January.

Musanayambe ciliconse pitani ku kiliniki akakupimeni, pakuti safunsa anadya phula. Munthu wamkulu wotalika mamita 1.6 amayesedwa wonenepa mopitirira akapyola makilogalamu 64, ndipo atsikana ambiri amene adzimana cakudya sanafikeko n'komwe. Amene akali kukula, amai oyembekezera ndi onse akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku asayambe dayeti mwa iwo okha. Ndipo ngati thupi likutsika lokha popanda kusintha kadyedwe, musakondwere: kapimitseni TB, shuga ndi HIV. Ambuye akudalitseni nonse.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Werengani Danieli 1 ndi Akolose 2:16-23. Kodi kusala kudya kusiyana bwanji ndi dayeti?

2. Ndi mau otani amene timanena kwa anzathu onenepa kapena oonda, amene tiyenera kuleka?

3. Pa misonkhano yathu ya acinyamata timagula zakudya ndi zakumwa zotani? Tingasinthe ciani mwezi uno?

Wolemba ndi mtsogoleri wa acinyamata ku Chanyanya, Kafue.