Bandi ya pa ukwati si wailesi

Pali mawu amene ndatopa nawo pa maukwati a kuno ku Nkhotakota. Bandi ikangomaliza, wina amapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayesetsa, koma sinamveke ngati mmene imamvekera pa wailesi." Winanso pofuna kuyamikira amati, "Anyamata awa ndi akatswiri, utatsinzina ungayese ayika CD." Onse awiri alakwa, koma woyamikirayo ndiye amandipsetsa mtima kwambiri. Anthu asanu akwere lole ndi zimkuzamawu kuchokera ku Dwangwa kapena ku Salima, agwedezeke mumsewu wa M5 m'mawa wonse, cholinga chawo chikhale kufanana ndi nyimbo yojambulidwa kale? Ngati ndi choncho ingoitanani DJ ndi laputopu yake, ndalama zotsalazo mugule mbuzi ina. Muyezo umenewu wavulaza mabandi a pa ukwati kuposa kudula kwa mafuta.

Mtima wa ukwati wa kwathu ndi perekaniperekani. Kulowa kwa akwati, sitepe ya operekeza, kudula keke, malangizo a ankhoswe, zonsezo n'zakanthawi. Maola enieni amathera pa anthu oyimirira, ndalama zili m'manja, akuvina mozungulira lichero. MC ayitana akuchimuna, ayitana akuchikazi, kenako amayi a kutchalitchi, anzake a mkwati a kudoko, amayi ogulitsa usipa limodzi ndi mayi a mkwatibwi, aphunzitsi anzake a malume. Pambali akasheya ali kalikiliki kuphwanya K5,000, ija idatuluka mu 2022, kuti ikhale ma K50 ndi ma K100, poti munthu amafuna kuponya nthawi yaitali kuti anthu amuone. Gulu lililonse lili ndi msinkhu wake, kavinidwe kake ndi kuya kwa thumba lake. Nyimbo yojambulidwa sidziwa zimenezo. Idapimidwa kale mphindi zinayi, ndipo zikakwana imatha, kaya agogo angofika kumene pabwalo.

Luso limene ndikulinena lili m'manja mwa anthu awiri amene palibe amawajambula chithunzi: wang'oma ndi wabesi. Wang'oma wodziwa ukwati sayang'ana mapazi a ovina, amayang'ana manja. Akaona kuti mpukutu wa ndalama udakali wonenepa, amaitambasula nyimbo, kuibweza pa kolasi kachitatu, kachinayi, koma ulendo uliwonse akusintha kena kake kuti isafwifwe: apa watseka hayihati, apa waitsegula pang'ono kuti ipume, apa wasiya sineya n'kumagogoda m'mphepete mwake. Akaona manja ayamba kupepuka, sadikira kuti anthu achite manyazi ali chiyimire opanda choponya. Amagwetsa mkokomo umodzi, wabesi n'kumulandira, nyimbo yatha mwaulemu, anthu akukakhala pansi akuseka. Kudula nyimbo pa nthawi yake ndi chifundo, ndipo ndi oyimba ochepa amene ali nacho.

Ndiye pali kutsitsa. Apa ndiye pamene ndimasiyanitsira bandi ndi gulu la anthu ongonyamula zida. MC akatenga maikolofoni kuti alengeze kuti akuchikazi aponya zingati, DJ amangotsitsa voliyumu, nyimbo n'kufa, m'chiuno mwa ovina n'kuzizira. Bandi yabwino siyima. Gitala ndi kiyibodi zimachoka, woyimba amakhala chete, pamatsala besi yokha ikuyenda chapansipansi ndi phazi la wang'oma likugunda ngati mtima. MC akulankhula, mawu ake akumveka bwinobwino, koma mapewa a anthu sanasiye kugwedezeka. Akangoti "tiyeni nazo", zida zonse zimagwera pamodzi pa kugunda koyamba, ndipo mfuwu umene umatuluka pamenepo sungaugule. Ndaonapo wabesi akuyenda pa manoti anayi okha kwa mphindi khumi, osatopa, osathamanga, osayesa kudzionetsa, chala chikungodzoma pa chingwe chachikulu, ndipo ndinganene mosaopa kuti ameneyo anayimba kuposa wagitala amene anathamangitsa zala mpaka kumapeto kwa khosi la gitala. Kuchoka pa rege ya ku Balaka, ija Paul Banda ndi Alleluya Band adaizika m'makutu mwathu, kulowa m'manganje popanda kusiya mpata woti munthu akhale pansi, ndi ntchito ya wang'oma ndi wabesi. Woyimba naye akakhala wochenjera amalowetsa m'nyimbo dzina la mudzi, mfunda wa mkwati, ngakhale dzina la boti la atsibweni, ndipo dzanja limene linali litabwerera m'thumba limatulukanso.

Za kiyibodi yodziyimbira yokha, ija munthu amangodina batani ng'oma zabodza n'kumalira iye akuyang'ana foni, sinditayapo nthawi. Imeneyo ndi wailesi yovala suti.

Chimene chidanditsimikizira zonsezi ndidachiona pa ukwati wina kufupi ndi Chia, mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake. Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amaudziwa mwera: asodzi amakokera mabwato kumtunda, mafunde amachita kubangula. Mahema anali kuphupha, nsalu zokongoletsera zikuuluka, mchenga ukulowa m'mikisa, ndipo mawu a woyimba amatengedwa ndi mphepo kupita kumpoto asanafike kwa anthu a kumbuyo. Perekani wa akuchimuna ali pakati, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Besi zii, kiyibodi zii, maikolofoni zii. Mnyamata wa ng'oma, woonda, malaya atanyowa mpaka kumsana, sanaphonye ngakhale kugunda kumodzi. Anangokweza dzanja, n'kusiya kayimbidwe ka bandi, n'kulowa m'kagundidwe ka chiwoda. Amayi a kumbuyo anazindikira nthawi yomweyo. M'manja munayamba kulira, wina anadzutsa nyimbo, anzake anayankha, nthungululu zinabuka, ndipo ndalama zinapitirira kugwa m'lichero kwa nthawi yonse imene anyamata awiri anali kulimbana ndi pulagi ya jenereta. Magetsi atabwera, wabesi analowa pansi pa nyimbo ya amayiwo mofatsa ngati kuti adapangana dzulo. Tsikulo laputopu ikadangokhala chete ngati mwala.

Mnyamatayo sanaphunzire zimenezo pa YouTube. Dera lino ndi la ng'oma kuyambira kale. Malipenga adabwera ndi amuna amene adaona mabandi a asilikali a King's African Rifles pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kubwera kudzawatsanzira ndi zipanda zomata kanembanemba ka kangaude, ndipo pakati pa bwalo pamakhala ng'oma yaikulu imene mzere wonse wa ovina umaimvera. Wang'oma wa malipenga kapena wa chiwoda amadziwa kuti gule ndi kukambirana: wovina akaponda mwamphamvu ng'oma imamuyankha. Nzeru yomweyo ndi imene imafunika pa perekani. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona achinyamata akuchita manyazi ndi kagundidwe ka kwawo, n'kumalimbana ndi kukopera amapiano a ku Johannesburg mpaka kadontho komaliza.

Tsono taonani mmene timawasungira anthu amenewa. Amafika m'mawa ukwati udakali kutchalitchi kapena kumzikiti, n'kuwaloza pakona pamene palibe mthunzi, poti hema wabwino ndi wa alendo olemekezeka. Mu Okutobala dzuwa la kunyanja limafewetsa zikopa za ng'oma ndi kusokoneza mawaya a gitala, moti wagitala amachuna nyimbo iliyonse ikatha. Chinyontho cha nyanja chimadya mawaya ndi dzimbiri, ndipo mawaya, timitengo ndi zikopa zimachokera kunja. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera, koma mtengo umene akomiti ya ukwati amafuna kulipira udatsalira m'mbuyo. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka jenereta idasanduka chida choyimbira chachisanu ndi chimodzi, chomwa petulo wosowa, chotha kuwotcha ampulifaya mphamvu ikangodumpha. Ikapsa, palibe wakomiti amene amafunsa. Nthawi ya chakudya, mpunga wa ku Bua ndi chambo zikuzungulira, bandi imauzidwa kuti iziyimba kuti alendo adye mosangalala. Iwo adzadya zotsala, mafupa ndi mphika wopala. Ndipo mawu oopsa kwambiri kwa woyimba ndi awa: "Zotsalazo tikupatsani perekani akatha." Perekani amatha, ndalama zimawerengedwa m'chipinda chotseka, wapampando foni yake siyikupezeka, dalaivala wa lole akuliza hutala.

Chodabwitsa n'choti ndalama zimene zikuwerengedwazo, gawo lalikulu adaziguza ndi oyimba omwewo. MC amalandira zake zonse, amatchulidwa dzina, amajambulidwa pa vidiyo. Sindikumuchitira nsanje, MC wabwino ndi mmisiri. Koma ambiri a iwo amaiona bandi ngati batani: "Oyimba, dulani!" pakati pa mzere, "Oyimba, ikani ina yothamanga!" osadziwa kuti wang'oma anali akuimanga kale pang'onopang'ono kuti ikaphulike pamene abwana a mkwati akulowa m'bwalo. MC wanzeru amapangana ndi wang'oma ukwati usanayambe, amagwirizana zizindikiro za maso ndi dzanja, ndipo tsiku lonse awiriwo amayenda ngati opalasa bwato limodzi.

Mu Seputembala 2024 chikondwerero cha Lake of Stars chidachitikira konkuno, ku Fish Eagle Bay. Kumeneko oyimba adapeza nsanja yomangidwa, akatswiri a zokuzira mawu, nthawi yoyesera zida, ndipo aliyense adayimba nyimbo zimene adasankha yekha kwa anthu amene adalipira kuti amumvere. Sindikuchepetsa zimenezo, koma ndikunena kuti woyimba wa pa ukwati amagwira ntchito yovuta kuposa pamenepo. Amayimba maola asanu kapena asanu ndi limodzi, nyimbo za eni ake, za Lucius Banda, za Black Missionaries, za Skeffa Chimoto, za kwaya, iliyonse imene azakhali apempha, kwa anthu amene sadabwerere iye, ana akudumpha mawaya, woledzera akufuna kulanda maikolofoni. Atolankhani a za msangulutso amathamangira ku nsanja zikuluzikulu. Sindidawerengepo ndemanga ya mmene bandi inayendetsera perekani.

Pa ukwati wa ku Chia uja, dzuwa litalowa, ndidamupeza mnyamata wa ng'oma kuseri kwa hema akumasula zitsulo zake. Pachala chake chapakati panali thuza lophulika, atalikulunga ndi tepi yakuda ya mawaya. Ndidamufunsa kuti adadziwa bwanji kuti amayi aja alandira chiwoda. Adati adawaona kuyambira m'mawa mmene amawombera m'manja polandira akwati, ndipo adadziwa kuti ndi a gule. Kenako adandipempha kuti ndimugwirire tochi, poti kanati kamodzi ka pedulo kanali katagwera mumchenga.