Mau amodzi, mitima yosiyana

Ku America kuli cipani cochedwa Libertarian. Cinayamba mu 1971. Dzinalo licokera ku mau otanthauza ufulu. Anthu ake amati munthu ndiye mwini wa moyo wake ndi katundu wake. Amati boma licepetse misonkho ndi malamulo.

Koma licepetse kufika pati? Apa ndi pamene amasiyana.

Mu 1973 Murray Rothbard analemba kuti boma lisakhalepo konse. Anati ngakhale apolisi ndi oweruza milandu azilembedwa nchito ndi anthu owafuna. Mu 1974 Robert Nozick anatsutsa zimenezo. Anati boma likhalepo, koma laling'ono. Liziteteza anthu kwa akuba, aciwawa ndi onyenga, ndi kuonetsetsa kuti mapangano akusungidwa.

Kusiyanaku kumaonekera pa cisankho. Mu 2016 cipanici cinaimika Gary Johnson, amene kale anali bwanamkubwa wa New Mexico. Anapeza mavoti oposa 4 miliyoni. Ena anakondwa. Ena anati wafewetsa ciphunzitso kuti akope anthu. Mu 2024 Donald Trump, wa cipani cina, anafika pa msonkhano wao ku Washington kudzapempha mavoti. Ambiri anamukuwiza, ena anamuombera m'manja. Msonkhanowo unasankha Chase Oliver, koma ena a cipanico anakana kumuthandiza. Iye sanapeze ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 alionse.

Ife tiyamika cinthu cimodzi. Anthuwa amatsutsana poyera, ndipo saopa kufunsa kuti wolamula anapatsidwa mphamvu ndi yani.

Koma tili ndi codandaula. Mlatho ukakokoloka, adzaumanga ndani? Mwana wa mmphawi akadwala, mankhwala adzalipira ndani? Iwo amayankha kuti amalonda ndi anthu acifundo adzacita mwa kufuna kwao. Yankho ili silitikhutitsa. Wamalonda amapita kumene kuli ndalama. Cifundo cimabwera lero, mawa osabwera. Wodwala amene alibe colipira, ufulu wake ndi wa pakamwa cabe.

Taona kuti mau akuti “ufulu” paokha sasonyeza munthu woyenera. Anthu ochula mau amodzi analephera kugwirizana pa munthu mmodzi. Cotero wofuna voti tizimufunsa nchito imene adzagwire, ndi amene adzalipire.

Tikambirane:
1. Rothbard ndi Nozick anasiyana pa ciani?
2. Ndi nchito ziti zimene munthu sangathe yekha?