Nanga aphunzitsiwo alumbira pati?

Msuweni wanga atamaliza kafukufuku wa digiri yake yoyamba anabwera nalo buku lonselo ku Mabvuku kuti agogo aligwire ndi manja awo. Linali la chikuto cholimba, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zagolide. Agogo athu sawerenga Chingerezi. Anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1960 kutsatira amuna awo amene ankaphikira mzungu ku Highlands, ndipo mpaka lero m'nyumba amalankhula Chichewa, Chishona n'cha kumsika. Atalitembenuza bukulo kawiri anandipatsa ine. "Iwe amene umadyera kumasulira, tandiwerengera chiyambi chake m'chilankhulo chathu."

Tsamba limene ndinayambira ndi lija limapezeka kumayambiriro kwa kafukufuku wa wophunzira aliyense, kaya ku Harare, ku Zomba kapena ku Lusaka. Mawu amasiyana pang'ono koma mfundo ndi zitatu: ntchito iyi ndi yangayanga, sindinaiperekepo kwina kuti ndilandire nayo digiri, ndipo paliponse pamene ndatenga ganizo la munthu wina ndamutchula. Pansi pake wophunzira amasaina n'kulemba tsiku. Agogo anamvetsera, nagwedeza mutu. "Chabwino, mwanayu walumbira. Nanga aphunzitsi akewo alumbira pati?" Ndinafufuza masamba otsatira. Panali kamzere pamene woyang'anira kafukufuku amasaina kuvomereza kuti buku lipite kwa oyesa, basi. Lonjezo lochokera kwa iye kapena ku sukulu panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuliwerenga tsambali monga ndiwerengera nkhani imene andipatsa kuti ndimasulire, kufunsa amene akulankhula, amene akuuzidwa, ndi amene wangokhala chete. Ndaona kuti mawu ake ndi abwino ndithu. Chilema chake n'chakuti amalumbiritsa munthu mmodzi pa pangano la anthu awiri, ndipo wolumbirayo ndi uja wopanda mphamvu.

Ndiyambe ndi ubwino wake, chifukwa pali ophunzira anzathu ena amene amati lamulo loletsa kukopera ntchito ya wina ndi lachizungu. Amati kwathu mawu alibe mwini, mwambi ndi wa aliyense, nthano ndi ya mudzi wonse. Maganizo amenewa amamveka okoma pa msonkhano, koma amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi sangawavomere. Munthu akati waona kapena wamva chinthu, funso loyamba la nyakwawa ndi lakuti, mwamva kwa yani? Woponya mwambi amayamba ndi kuti akuluakulu anati, kusonyeza kuti nzeruyo waibwereka. Ngakhale kuno ku Mabvuku ndi ku Tafara, pa maliro a munthu wochokera ku Malawi, wonena mbiri ya malemu amatchula amene anamuuza za kumudzi kwawo. Kutchula gwero la mawu tinali nako kale. Chimene yunivesite inabweretsa ndi kalembedwe kake, dzina, chaka ndi tsamba. Choncho mwana wa ku Dzivarasekwa amene wagula kafukufuku wolembedwa kale asabisale kumbuyo kwa chikhalidwe. Agogo ake omwe angamuuze kuti waba.

Ndipo ogulitsa alipo. Aliyense amene ali m'magulu a WhatsApp a ophunzira waonapo zotsatsa za anthu olembera anzawo ntchito ya m'kalasi ndi kafukufuku, mtengo wake uli m'madola a ku America. Chichokereni pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ena safunanso n'komwe munthu wowalembera. Likasa la masiku ano salibisanso m'sokosi, limakhala m'foni. Amene amavulala ndi chinyengo chimenechi ndi wophunzira wokhulupirika wokhala mpando woyandikana, chifukwa olemba ntchito akayamba kukayikira digiri amakayikira ya onse.

Tsono tiyeni tione mbali imene tsamba lija silinena. Msuweni wanga anaphunzira pa yunivesite ina, osati ija ya ku Mount Pleasant, ndipo sindiitchula. Kafukufuku wake analembera m'nyumba ya zipinda zinayi yokhalamo anthu asanu ndi anayi. Ku Mabvuku mipopi inauma zaka zambiri zapitazo, choncho m'mawa wake unkayambira pamzere wa pachitsime. Kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse n'kuyaka pakati pa usiku, ndipo iyeyo ankadzuka nthawi imeneyo kukatchaja kompyuta yobwereka. Mutu wachiwiri wa kafukufuku anaupereka kwa woyang'anira wake, n'kudikira miyezi itatu. Utabwera, unali ndi mawu awiri okha olembedwa pamwamba, ndipo zinaonekeratu kuti masamba am'kati sanatsegulidwe. Mphunzitsiyo sindimunena zambiri, chifukwa malipiro a aphunzitsi a m'mayunivesite a boma ndi nkhani yodziwika. A pa University of Zimbabwe ananyanyala ntchito kuyambira mu Epulo 2025 pa chifukwa chomwechi. Komabe mphunzitsi akasaina kuti wawerenga buku limene sanawerenge, wachita chinyengo cha mtundu womwe uja amaletsa wophunzira, ndipo palibe tsamba limene iye analumbirapo kuti wina am'gwirepo.

Chilema chachiwiri chili pa malo amene lamulo la kukhulupirika analiika. M'mayunivesite ambiri, mlandu wa kubera mayeso umapita ku komiti yosungitsa mwambo, yomwenso imazenga milandu ya kuledzera, kuswa mawindo ndi kuchita zionetsero. Pa University of Zimbabwe malamulo a khalidwe la ophunzira amadziwika ndi dzina loti Ordinance 30, ndipo mukafunsa amene anaphunzirapo, dzinali amalikumbukira kwambiri pa nkhani za atsogoleri a ophunzira oimitsidwa sukulu chifukwa cha zionetsero. Mbiri ya sukuluyi njodzaza ndi zoterezi. Dambudzo Marechera, amene pambuyo pake analemba The House of Hunger, anachotsedwa mu 1973 ophunzira atachita zionetsero, sukuluyi ikutchedwa University of Rhodesia. Mu Okutobala 1989 boma la Zimbabwe yodzilamulira linatseka sukulu yomweyi ndi kumanga mtsogoleri wa ophunzira, Arthur Mutambara, pa nthawi imene ophunzira ankadzudzula katangale wa akuluakulu a boma. Wophunzira amene waona kuti wokopera ndi wodzudzula wakuba amakhala pabenchi limodzi kudikira chilango amatolapo phunziro lakuti chofunika ndi kusagwidwa ndi kusasokosa. Kumvera ndi kunena zoona n'zinthu ziwiri, ndipo pali masiku amene zimakokana.

Tsiku lina lotero linali la 20 Novembala 2017. Kuti limveke tibwerere ku Seputembala 2014, pamene University of Zimbabwe inapereka digiri ya PhD kwa Grace Mugabe, mkazi wa pulezidenti, ndipo amene anamuveka chisoti anali Robert Mugabe mwiniwake monga chansala wa sukuluyo. Nyuzipepala zinalemba kuti panangopita miyezi yochepa chilembetsereni, pamene digiri yotere imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo. Kafukufuku wake, wonena za nyumba zolerera ana ndi kusintha kwa mabanja m'Zimbabwe, anthu anamufunafuna osamupeza kwa zaka zoposa zitatu. Pa nthawi yonseyo ophunzira wamba anapitiriza kusaina tsamba lija chaka ndi chaka. Asilikali atatenga ulamuliro mu Novembala 2017, ophunzira a pa sukuluyi anakana kulowa m'zipinda za mayeso, akufuna kuti Mugabe atule pansi udindo ndi kuti digiri ija ilandidwe. Mugabe anatula pansi tsiku lotsatira. Mu Januwale 2018 kafukufuku uja anaikidwa pa intaneti, aphunzitsi a nthambi imene akuti inamuphunzitsa anadandaula ku bungwe lolimbana ndi katangale la ZACC kuti sanaone ntchito yake monga malamulo afunira, ndipo mu Febuluwale wachiwiri kwa chansala, Levi Nyagura, anamangidwa pa nkhaniyi. Kumangidwa sikupezeka wolakwa, ndipo kuweruza munthuyo ndi ntchito ya makhoti. Changa ndi ichi: kukana mayeso ndi kuswa malamulo a khalidwe, komabe pa tsiku limenelo amene anafunsa poyera ngati digiri ya sukuluyo ikutanthauza kanthu anali oswa malamulowo. Ambiri a iwo anali ana okwera makombi awiri kuchokera ku Glen View, Mufakose ndi Budiriro, amene makolo awo analipira fizi ndi ndalama ya tomato ndi ya abale a ku Johannesburg.

Wina anganene kuti funso limeneli analifunsa mochedwa, mphamvu ya banja la Mugabe itatha kale. N'zoona, ndipo izi zikungosonyeza mtengo wake wa kulifunsa msanga. Lamulo limene limadikira kuti wamkulu agwe kaye lisanamufunse kanthu silingauze mwana wa chaka choyamba kuti limaona aliyense mofanana.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. M'masukulu athu zimachitika motembenuza. Ku Malawi, mayeso a MSCE a 2020 anathetsedwa mu Novembala mapepala atatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana onse, kuphatikizapo amene likasa sanalione, anakalembanso mu Januwale 2021. Pepala la mayeso silichoka lokha m'chipinda chokhoma, pamakhala dzanja la wamkulu. Ku yunivesite nakonso, yankho limene akuluakulu amakonda ndi lolimbitsa ulonda pa wophunzira. Ambiri anagula pulogalamu ya Turnitin, imene imayerekeza zolemba za wophunzira ndi zimene zili kale pa intaneti ndi m'nkhokwe yake, n'kutulutsa nambala yosonyeza kufanana kwa mawu. Chidachi chili ndi ntchito yake, koma chimayeza mawu okha. Wophunzira wochenjera amasintha mawu mpaka nambala itatsika, ganizo lobedwa lili pomwepo, ndipo kafukufuku wogula amene walembedwa kumene amadutsa bwinobwino. Ine monga womasulira ndikudziwa kuti ganizo limodzi likhoza kuvala malaya khumi. Amene angazindikire kuti ganizo si la mwanayo ndi mphunzitsi amene anakhala naye pansi, namufunsa, namva mmene amaganizira. Makinawo amagulidwa kuti atseke dzenje limene mphunzitsi wotopa wasiya, ndipo chitonzo chonse chimagweranso wophunzira.

Sindikupempha kuti tsamba la lumbiro lichotsedwe. Ndikupempha lachiwiri loyang'anana nalo. Woyang'anira asaine kuti mutu uliwonse wauwerenga, atchule masiku amene anakumana ndi wophunzira, ndipo alonjeze kuti sadzasindikiza ntchito ya mwanayo m'dzina lake. Sukulu isaine kuti palibe digiri imene idzaperekedwe popanda kafukufuku woti aliyense angathe kumuwerenga m'laibulale, kaya mwini wake ndi wa ku Borrowdale kapena wa ku Epworth. Milandu ya chinyengo m'maphunziro ichoke m'manja mwa komiti yolanga ochita zionetsero, ipite ku bwalo lake kumene mphunzitsi nayenso angaitanidwe kudzayankha, ndipo wophunzira wodandaula atetezedwe. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zimene zimavuta ndi kuti amene amalemba malamulo avomere kudzimanga nawo okha.

Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma sindinaonepo tsamba la lumbiroli m'Chichewa. Mwina likanamasuliridwa msanga, kupereweraku kukanaoneka kale, chifukwa m'chilankhulo chathu pangano limafuna ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Agogo anasunga bukulo m'sutikesi momwe muli chitupa cha malemu agogo aamuna ndi makadi a bungwe la maliro. Msuweni wanga akufunabe ntchito. Mwezi watha anabwera kudzabwereka buku lake lomwe kuti akalionetse kwa ofunsa mafunso pa kampani ina, chifukwa anamva kuti masiku ano satifiketi yokha sakuikhulupirira.