Mdani Wovala Nkhope ya Bwenzi

Tsiku lina madzulo ndidapeza ana asanu ndi aŵiri ataunjikana pa khonde la golosale ku Mtakataka, mitu ili pamodzi ngati anapiye pa lichero la madeya. Ankaonera katuni pa foni ya mkulu wao. Nditaŵafunsa chimene chidaŵagwira mtima chotere, adandiyankha onse pamodzi kuti ndi Supa Team 4. Ndidakhala nao pansi, ndipo pambuyo pake ndidafunafuna zigawo zina kuti ndione bwino chimene ana athu akudya.

Katuni imeneyi idatuluka pa Netflix m'mwezi wa July mu 2023. Adaiyambitsa ndi mai wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Atsikana anai a ku sekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, aitanidwa ndi mai wachikulire, Mama K, amene kale adali kazitape, kuti ateteze mzinda wao kwa anthu oipa.

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti choyamika chilipo. Atsikana aŵa ndi osiyana mitima: wina ngwanzeru za makina, wina ngwampira, wina ngwaliuma ndi wamsangamsanga. Amakangana, amakhumudwitsana, koma sapambana mpaka aliyense atapereka mphatso yake. Mwana woonera amaphunzira kuti ubwenzi si kufanana ai, koma kupirirana. Ndiponso Mama K ali ngati namkungwi: amalangiza, amadzudzula, koma ntchito amasiyira anamwali eni ake. Kuphunzitsa mwambo ndi zithunzi zokokomeza si chachilendo kwathu kuno. Amene adaloŵapo m'nyumba ya Chamare ku Mua, pa malo a Kungoni amene adayamba mu 1976, adziŵa kuti makolo athu ankasema nkhope ya mlesi, ya chidakwa ndi ya wachiwerewere, kuti anthu aseke, ndipo posekapo adzione okha.

Komabe pali malo pamene phunziro la katuniyi liperewera. M'nkhani zotere choipa chimabwera chitavala zoopsa, chili ndi dzina lake ndi mau ake oopseza, ndipo gulu la abwenzi ndilo linga lothaŵiramo. Kodi m'moyo wa mwana wa ku Golomoti zili choncho? Iai. Womuuza kuti asiye sukulu apite ku nyanja kukakoka makoka si chilombo. Ndi mnzake amene adagaŵana naye chimanga chootcha dzulo. Womupatsa kachasu woyamba ndi amene amakhala naye pa desiki limodzi. Womunong'oneza mtsikana kuti foni imapezeka mosavuta kwa ogula nsomba ndi mnzake wapamtima, ndipo amanena mwachikondi. Mdani wa mwana kaŵirikaŵiri amavala nkhope ya bwenzi.

Augustino Woyera adaona zimenezi kalekale. Pofotokoza za ubwana wake, adasimba kuti ali ndi zaka 16 adaba mapeyala pamodzi ndi anzake, osati chifukwa cha njala, popeza ambiri adaponyera nkhumba. Adavomera kuti akadakhala yekha sakadaba. Chidamukoka si chipatso, koma manyazi oti aoneke wamantha pamaso pa anzake. Manyazi ameneŵa ndiwo akugwetsa ana athu, ndipo katuni yongotamanda kugwirizana siingaŵachiritse. Inde, mutu umodzi susenza denga; komanso asodzi athu amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Miyambi iŵiriyi iyenera kuyendera limodzi.

Chinanso n'chakuti atsikana aja amabisa ntchito yao, ngakhale kwa a m'banja mwao. M'nthano zimenezo n'zokoma. Koma mwana akazoloŵera kuganiza kuti chinsinsi cha gulu chiposa makolo, watsegulira khomo munthu aliyense wachinyengo amene adzamuuze kuti, "Usakanene kunyumba."

Nanga tiŵaletse ana kuonera? Ine nditi ai. Choletsedwa chimakoma koposa, ndipo katuniyi ili ndi zabwino zimene sitingazitaye. Koma foni isakhale mlezi. Kale nthano inkakambidwa pa moto, agogo ali pomwepo, ndipo ikatha ankamasulira tanthauzo lake. Chigawo chikatha, inu makolo ndi aphunzitsi, funsani mwana: "Anzako atatu atagwirizana kuchita choipa, iwe wachinai ungatani?" Mvetserani yankho lake osakalipa.

Ana a ku Mtakataka aja ndidaŵafunsa funso lomweli. Onse adakhala chete, mpaka kamtsikana kena kadati, "Ndingakane, koma ndingatsale ndekha." Kadanena zoona. Ntchito yathu akuluakulu ndi yakuti mwana wokana choipa asatsale yekha.