Dzanja la wolemba zikwangwani likasiya oda

Wolemba zikwangwani amadziwa mathero a ntchito yake asanaviike n'komwe burashi mu penti. Mwini golosale amakhala atamuuza kale dzina loti lilembedwe, mtundu wa khoma, ndi pamene botolo la chakumwa likhale. Mukayenda pa msewu wochoka ku Lundazi kulowera ku Chama, kudutsa m'dera la Mfumu Magodi, ntchito za anthu amenewa mudzaziona paliponse pamene pali timasitolo: makoma ofiira a Airtel, achikasu a MTN, chimanga chojambulidwa pa shopu ya mbewu ndi feteleza, mitu ya anyamata pakhomo pa ometa tsitsi. Ndi luso lenileni, ndipo limadyetsa ana. Dziko lonse la Zambia limanyamula ntchito ya mtundu umenewu, pakuti mbendera ya 1964 komanso masitampa ambiri a positi anatuluka m'manja mwa Gabriel Ellison, mayi amene ankagwira ntchito yokonza zithunzi m'boma.

Komabe mmisiri wina amafika poti dzanja lake likufuna kuyenda kumene oda sinalitume. Amafuna chinsalu chopanda munthu, chopanda ng'ombe, chopanda dzina la sitolo, cha mitundu ndi mizere yokha, choyambidwa iye asakudziwa kuti chithera pati. Anthu amati wayamba kutsata mtima. Ine ndikuti mtimawo pawokha sujambula kanthu, ndipo amene anasonyeza zimenezi poyera ndi Willem de Kooning.

De Kooning anabadwira ku Rotterdam mu 1904. Ali ndi zaka 12 analowa ntchito yophunzira pa kampani ya Gidding, yokongoletsa nyumba ndi kukonza zithunzi zamalonda, madzulo n'kumapita ku sukulu ya zojambula. Mu 1926 anabisala m'sitima yapamadzi mpaka kukafika ku America, kumene anayamba ndi kupenta nyumba ku Hoboken, kenaka n'kumalemba zikwangwani ndi kukongoletsa mawindo a masitolo ku New York. Ntchito yokhazikika yamalondayi anaisiya mu 1935, ndipo chionetsero chake choyamba cha iye yekha chinachitika mu 1948 pa Egan Gallery, ali ndi zaka pafupifupi 44. Pakati pa kusiya ntchito ndi kudziwika panadutsa zaka 13.

Zithunzi za pa chionetserocho zambiri zinali zakuda ndi zoyera, zojambulidwa ndi penti wa m'zitini wopentera nyumba. Muzionetsetse, ngakhale pa foni. Mzere woyera umayenda pakati pa mdima, kuonda, kunenepa, kukhota mwadzidzidzi, osanjenjemera. Umenewo ndi mzere wa munthu wozolowera burashi yaitali ya olemba zilembo, ija imasunga penti wambiri moti umakoka chilembo chonse osaidzutsa. M'zithunzi zina mumaoneka ngakhale mithunzi ya zilembo zimene sizinena mawu aliwonse. Anatenganso chizolowezi cha ku ntchito chokopera chithunzi pa pepala loonekera, n'kulisuntha apa ndi apo pa chinsalu kuti aone pamene chikhale bwino. Sanataye chilichonse chimene dzanja linaphunzira.

Chimene anataya ndi kudziwiratu mathero, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yowawa. Chikwangwani chimakhala ndi mutu wake, kutanthauza dzina la sitolo, ndipo zina zonse zimaligwadira. Chithunzi chake cha 1950 chotchedwa Excavation, chimene chili ku Art Institute of Chicago, ndi chotalika mamita awiri ndi pang'ono, m'mbali mamita awiri ndi theka, koma chilibe malo amodzi oti diso lipumulirepo. Ukati waona chigongono kapena mano, zimasungunuka n'kukhala mzere wopita kwina. Kuti afike pamenepo ankapaka, kupala, kupakanso, kwa miyezi. Pofuna kuti penti asaume msanga ankamata nyuzipepala pamwamba pake, moti pa zinsalu zina zilembo za nyuzi zinatsalira. Chithunzi china chotchedwa Woman I anachigwira pafupifupi zaka ziwiri. Wolemba zikwangwani amene angachite zotere pa khoma la kasitomala sangalandire ngakhale ngwee.

Choncho mawu oti "kutsata mtima" tisawamve ngati kumasuka kwa munthu amene sanaphunzire. Zili ngati woyimba ng'oma pa vimbuza: amasintha kamenyedwe potsata wovina, mosakonzekera, koma amatha kutero chifukwa anakhala zaka akugwira ng'oma yaing'ono yosunga mayendedwe. Wojambula amaika banga lofiira pakona, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuona kuti mbali imeneyo yalemera. Kenaka amayankha. Kulemera kwa mitundu, mpata pakati pa zinthu, nthawi imene penti amagwira, zonsezi wolemba zikwangwani amazidziwa kale kuposa ophunzira ambiri a m'kalasi.

Kuno ku Africa nako, mmisiri Ernest Mancoba wa ku South Africa, wobadwanso mu 1904, anakana ntchito ya boma yosema tiziboliboli togulitsa alendo, ndipo mu 1938 ananyamuka kupita ku Paris. Zithunzi zake za pambuyo pake ndi timikwingwirima ta mitundu yopepuka tozungulira chinthu choimirira pakati, chimene sichifika pokhala munthu. Iye anathawa msika umene unali utamuuza kale zimene Mwafirika ayenera kupanga.

Kwathu kuno dzina loyamba ndi la Henry Tayali, wobadwira ku Serenje mu 1943, amene anakulira ku Bulawayo, n'kukaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, pambuyo pake n'kukhala mmisiri wa pa University of Zambia. Chiboliboli cha The Graduate pa sukulupo ndi chake. Tayali sanachokere ku zikwangwani, koma ulendo wake ukuphunzitsa zofanana. Anayamba ndi zithunzi zodzaza anthu, monga Destiny, ndi zodinda za pa thabwa zoonetsa khamu la m'misika ndi m'malo omwera mowa. M'zithunzi za zaka zake zomaliza anthu aja anasungunukira m'mitundu yokhuthala, koma kupanikizana kwa khamu kunatsala. Ukamaziona umamva kuti munthuyu anajambula mapewa ndi misana yambirimbiri asanalole kuti izimirire. Anamwalira ku Germany mu 1987, ndipo nyumba ya zojambula ya pa Showgrounds ku Lusaka imadziwika ndi dzina lake.

Ena amati zojambula zotere ndi zachizungu. Sindivomera. Amayi akamazira nyumba ndi mtsiro nyengo ya chilimwe, n'kukoka lamba wakuda m'munsi mwa khoma, wofiira wa katondo pamwamba pake, madontho a phulusa kapena laimu m'mbali mwa chitseko, palibe amene amafunsa kuti chikutanthauza chiyani. Timangoti nyumba yakhala bwino, kapena timati mayiyu wachulutsa. M'mapanga a Thandwe ndi Mkoma kuno kum'mawa, ndi ku Chongoni ku Dedza kumene UNESCO inalemba m'kaundula wake mu 2006, kuli zojambula zakale za pamiyala, zina mwa izo mizere ndi zozungulira zofiira. Eni ake anali ndi tanthauzo lawo, ndipo sindikuwayesa anzake a de Kooning. Ndikungoti diso lathu linazolowera kalekale kuweruza mzere ndi mtundu popanda nkhope.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Zinsalu zambiri zogulitsidwa lero ngati zochokera mumtima ndi zikwangwani zobisala. Mitundu yake inasankhidwa kuti igwirizane ndi mipando ya m'malo ogona alendo, dzuwa lofiirira lili pakati, penti wadonthetsedwa mwadala m'mphepete kuti zioneke ngati panali kulimbana. Kasitomala sanachoke, wangosamukira m'mutu mwa wojambula. Mungazizindikire poyang'ana pafupi: palibe pamene panapalidwa, palibe mtundu wapansi umene ukusuzumira, palibe malo amene mmisiri anawononga chinthu chokongola chifukwa chinkapha zinzake. Kwa munthu wochokera ku ntchito ya oda, kufafaniza kachigawo kooneka bwino ndi phunziro lovuta kuposa onse, pakuti moyo wake wonse analipidwa chifukwa cha ukhondo.

Nkhani ya ndalama nayo tisaibise. De Kooning anasiya ntchito yamalonda pamene boma la America, kudzera mu Federal Art Project, linayamba kulipira amisiri pa sabata, ndipo mu 1937 anachokamo chifukwa sanali nzika, n'kubwerera ku maganyu ndi umphawi. Ku Magodi ndalama imaoneka anthu akagulitsa chimanga, thonje ndi fodya, ndipo imapita ku feteleza ndi fizi. Ogula zinsalu ali ku Lusaka ndi ku Mfuwe. Mnyamata waluso wa kuno ndingamuuze kuti asatseke buku la oda chaka chino. Alembe zikwangwani zake, asunge penti wotsala m'zitini, apeze mapulayi kapena matumba olimba, ndipo akhale ndi thabwa limodzi limene salionetsa munthu aliyense mpaka atalipala ndi kulipakanso kambirimbiri.