Timiyala ta mu impso: kafukufuku wa ku America ndi wodwala wa ku Engutwini

Mu Ogasiti 2022, magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa Mathew Sorensen ndi anzake. Funso lawo linali lakuti: dokotala akamachotsa mwala umene ukuvutitsa wodwala, achotseretu timiyala tina tosapitirira mamilimita 6 timene tangokhala phee mu impso, kapena atisiye? Opaleshoni yake si yong'amba. Amalowetsa kachubu ka kamera m'njira ya mkodzo mpaka ku impso, n'kuphwanya kamwalako ndi laser kapena kukakoka ndi kadengu ka waya.

Odwala 73 anawagawa mwamaere: 38 anawachotsa timiyalato, 35 anawasiyira. Patatha zaka pafupifupi 4, vuto linabwerera kwa anthu 16 pa 100 alionse a gulu loyamba, koma 63 pa 100 a gulu lachiwiri. Opaleshoni inkangotalika ndi mphindi pafupifupi 25.

Kafukufukuyu anachitika bwino, ndipo kutsatira odwala zaka zonsezi n'koyamikirika. Komabe tisamukokere kumene sakufika. Choyamba, odwala onsewa anali kale pa tebulo la opaleshoni chifukwa cha mwala wina. Zotsatirazi sizikunena kuti aliyense amene sikani yamupeza ndi kamwala kosapweteka athamangire opaleshoni. Chachiwiri, anthu 73 ndi ochepa, ndipo kukula kwa kamwala pa chithunzi cha CT ankakuwerengera ngati kubwerera kwa vuto, ngakhale munthu asakumva ululu. Chachitatu, njirayi imafuna CT, laser ndi dokotala wa matenda a njira ya mkodzo. Wodwala wa ku Engutwini ayamba wafika pachipatala chaching'ono, ndipo zikavuta n'kutumizidwa ku Mzuzu Central Hospital. Pa sitepe iliyonse pamapita ndalama ya ulendo komanso masiku a kumunda, zimene kafukufukuyu sanaziwerengere.

Phunziro lotithandiza lili m'gulu limene anawasiyira timiyala lija: kamwala kokhala phee si kamwala kotha. Choncho amene anapezekapo ndi mwala tisamutaye. Timulembe m'kaundula ndi kumuyendera. Azimwa madzi mpaka mkodzo uziyera, pafupifupi malita 2.5 a mkodzo patsiku, makamaka m'chilimwe, ndipo achepetse mchere. Timiyala tosakwana mamilimita 5 nthawi zambiri timatuluka tokha.

Tikumbukirenso kuti magazi mu mkodzo si likodzo lokha. Ululu woopsa wa m'nthiti cha kumsana, wotsikira m'chinena, ukufunika sikani, osangopereka praziquantel n'kumubweza munthu kunyumba. Ululuwo ukabwera ndi kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza kosalekeza kapena kusiya kukodza, n'kutheka kuti mwala watseka impso ndipo muli mafinya. Ameneyo atumizidwe tsiku lomwelo, asagone pamudzi.