Buku la Ballantyne ndi Malonda a Zikopa ku Canada

Pakati pa mabuku a Cingerezi amene mphunzitsi angafune kufotokozera ana m'cinenero cao pali The Young Fur Traders, limene R. M. Ballantyne anaturutsa mu 1856. Mlembiyu sanalembe zakumva ai. Anapita ku Canada mu 1841 ali mnyamata wa zaka 16, nakhala kalaliki wa Hudson's Bay Company zaka 6. Cifukwa cace pamene asimba za Charley Kennedy ndi bwenzi lace Harry Somerville, za maulendo a pa bwato ndi cisanu ca ku York Fort, mau ace ali ndi moyo, ndipo mwana sangaodzere powamva.

Koma kalaliki amaona malonda ali kuseri kwa tebulo la sitolo, ndipo apa ndipo pagona cilema ca bukuli. Cuma cambiri ca kampaniyo, imene Mfumu Charles II anaipatsa cilolezo mu 1670, cinacokera ku cikopa ca beaver, kanyama kokhala m'madzi monga katumbu, kamene ubweya wace Azungu ankapangira zipewa. Osaka kanyamako anali eni dziko, monga a mtundu wa Cree. Akazi ao ndiwo ankasenda ndi kuyanika zikopazo, kusoka nsapato, ndi kusinja nyama youma pamodzi ndi mafuta kuti ikhale kamba wa opalasa ngalawa. Nchito imeneyi m'bukuli sioneka kwenikweni, ngakhale popanda iyo Charley sakanafika kutali.

Za mitengo mlembi sadodoma nazo konse. Mfuti, wonga, nkhwangwa ndi bulangete zinkawerengedwa ndi zikopa, ndipo mlenje ankatenga katunduyo pa ngongole cisanu cisanayambe, kuti adzabweze ndi zikopa madzi atasungunuka. Kale alenjewo ankadziwa kukangana mtengo, nasankha pogulitsa. Koma mu 1821 kampaniyo inaphatikana ndi North West Company imene inkapikisana nayo, tsono m'masiku a Ballantyne wogula m'madera ambiri anali mmodzi yekha.

Eni dziko oonekera bwino m'nthanoyi ndi awiri: Redfeather wokoma mtima, ndi Misconna woipa. Woyambayo ayamikidwa makamaka cifukwa ca kukhulupirika kwace kwa Azungu. Mphunzitsi pofika pamenepa aimitse nthano, afunse ana kuti mkazi wa Redfeather akadasimba ciani za caka comweco, ndipo alembe yankho m'Cicewa.